Zolemba za Ntchito Yolamulira Malo Amene Maselo Amamatirira pa Galasi

Cholinga ndi maziko ake

Ntchito ino ikufuna kutipezera timagalasi topyapyala tomwe selo lamoyo likaterapo limamatirira pamalo okhawo amene tawasankha, n'kutenga mawonekedwe amene tawajambula, m'malo moyala mbali iliyonse monga limachitira m'mbale wamba yolereramo maselo. Tikugwiritsa ntchito maselo a NIH 3T3, omwe ndi ma fibroblast (maselo a minofu yolumikiza ziwalo za thupi) ochokera ku mbewa, ndipo malo omatirirawo ndi tizilumba ta puloteni yotchedwa fibronectin. Tajambula tizilumba ta mitundu itatu: kozungulira, ka mbali zinayi zofanana, ndi kakatali komwe mulitali mwake ndi kuwirikiza kanayi mulifupi mwake. Tonse ndi tofanana kukula, pafupifupi masikweya maikulomita 1,000 (maikulomita imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), kutanthauza kuti kozungulira kali ndi mamaikulomita 36 m'mimba mwake, ka mbali zinayi kali ndi 32 mbali iliyonse, ndipo kakatali kali ndi 63 mulitali ndi 16 mulifupi. Kozungulirako sikafika ngakhale pa kukula kwa tsitsi limodzi la munthu m'mimba mwake.

Funso limene tikufuna kudzayankha ndi lakuti ulusi wa actin, umene umakoka ndi kulimbitsa selo m'kati mwake, umasanjika bwanji ngati malo amene selo lapatsidwa ali ofanana kukula koma osiyana mawonekedwe. Mu 1978 Judah Folkman ndi Anne Moscona anapaka polima ya poly-HEMA, yomwe imachepetsa kumatirira kwa maselo, m'mbale za maselo mosiyanitsa kuchindikala kwake, ndipo anaona kuti maselo amene anayala kwambiri ndi amene ankapanga DNA yatsopano mochuluka. Njira yawo sinkatha kulamulira mawonekedwe a selo limodzi palokha. Zimenezo zinatheka gulu la George Whitesides la ku Harvard litasonyeza mu 1993 kuti chidindo cha PDMS, polima yofewa ngati labala, chingadinde mamolekyu pa golide m'timizere tating'ono zedi. Mu 1997 Christopher Chen, pamodzi ndi Milan Mrksich, Sui Huang, Whitesides ndi Donald Ingber, anaika maselo a m'timitsempha ta magazi pa tizilumba ta fibronectin tosiyana kukula, n'kupeza kuti a pa tizilumba tating'ono ankafa kudzera mu apoptosis, imfa imene selo limadzibweretsera lokha, pomwe amene anali ndi malo oyalapo ankapitiriza kugawikana. Mu 2004 Rowena McBeath ndi anzake anapitiriza nkhaniyi ndi maselo a mesenchymal a munthu, omwe amatha kusanduka maselo a mitundu ina: amene anali pa tizilumba ta masikweya maikulomita 1,024 anasanduka maselo osunga mafuta, a pa tizilumba ta 10,000 anasanduka maselo opanga fupa, chonsecho onse anali m'madzi amodzimodzi.

Maziko a ntchito yonseyi ndi akuti selo silimatirira pa galasi lenilenilo. Galasi likangolowa m'madzi olereramo maselo, omwe kwa ife ndi DMEM yokhala ndi seramu (madzi otsala magazi akaundana) magawo 10 pa 100, mapuloteni a m'seramumo amalikutira m'masekondi ochepa chabe. Albumin, yomwe ndi yochuluka kuposa ena onse, imafika msanga, kenako mapuloteni ogwira mwamphamvu amailanda malo, ndipo ena mwa iwo, monga vitronectin ndi fibronectin, ndi amene selo limawazindikira. Limawagwira ndi mapuloteni a pakhungu lake otchedwa ma integrin, omwe amakodwa pa kachigawo ka ma amino acid atatu kotchedwa RGD, kamene Michael Pierschbacher ndi Erkki Ruoslahti anakazindikira mu fibronectin mu 1984. Choncho wofuna kulamulira pamene selo limatirire ayenera kulamulira pamene puloteni ikhale, ndiponso pamene isakhale. Mbali yachiwiriyi ndi imene yatidyera nthawi yochuluka kufikira pano.

Masabata oyamba: chikombole ndi zidindo

Chikombole, momwe timathiramo PDMS kuti ipange chidindo, tinachipanga m'chipinda chopanda fumbi, pa chimbale cha silicon chopakidwa polima ya SU-8, yomwe imauma gwa paliponse pamene kuwala kwa UV kwa mananomita 365 kwaigunda ndipo imasungunuka m'mankhwala a PGMEA pamene kuwala sikunafike. Popeza chidindo chiyenera kukhala ndi timizati totukuka, chikombole chiyenera kukhala ndi timaenje, ndiye pa masiki, chophimba chojambulidwa chimene kuwala kumadutsamo, tizilumba tinatijambula takuda, malo ozungulira n'kukhala oonekera. Titatsuka chimbalecho ndi kuchiwotcha, tinachisiya mu nthunzi ya silane yokhala ndi fluorine kuti PDMS isadzakakamire pochotsa.

PDMS yathu ndi Sylgard 184, magawo 10 a maziko pa gawo limodzi la choumitsira. Tikasakaniza timaiika m'chipangizo chokoka mpweya mpaka timathovu tonse titatha, kenako imauma mu uvuni pa madigiri 65 kwa maola angapo. Pozizira imachepa pafupifupi gawo limodzi pa 100, ndipo pa tizilumba ta kukula kotere zimenezo sizikutidetsa nkhawa.

Chimene chinafuna kuganizira mozama ndi kutalika kwa timizati. Emmanuel Delamarche ndi anzake a ku labotale ya IBM ku Zurich anasonyeza mu 1997 kuti kutalika kwa kamzati ka PDMS, kukagawidwa ndi kukula kwake mulifupi, kuyenera kukhala pakati pa 0.2 ndi 2. Timizati tataliatali timagwerana n'kumatana, pomwe tatifupi timalola denga la chidindo, lomwe ndi PDMS ya pakati pa timizati, kulendewera mpaka kukhudza galasi. Vuto lachiwirili ndi lathu makamaka, chifukwa tizilumba tathu tiyenera kutalikirana mokwanira kuti selo lisatambasule kamwendo n'kugwira kachilumba koyandikana nako, ndipo mpata ukakula denga limalendewera mosavuta. Zidindo za m'chikombole chosaya zinkadinda fibronectin ngakhale m'mipata. Chikombole chachiwiri tinachizamitsa kufika pa mamaikulomita pafupifupi 10, ndipo m'malire a chigawo chilichonse tinaikamo mizere yochirikiza denga. Mizereyo imadindika nayonso, koma ili kutali ndi tizilumba, ndipo yakhala yothandiza popeza malo pa maikulosikopu.

Kudinda

Inki yathu ndi fibronectin ya mamaikulogalamu 50 pa mililita, yosakaniza ndi ina pang'ono yonyamula utoto wowala kuti tizitha kuona zimene tadinda tisanaikepo maselo. Dontho limakhala pa chidindo kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi, kenako timatsuka n'kuumitsa ndi mpweya wa nayitrojeni. Chidindo chikakhala chonyowabe, madzi otsala amafalikira m'mbali mwa kamzati ndipo kachilumba kamatuluka ndi malire osaoneka bwino; chikauma kwa nthawi yaitali, puloteni imakakamira pa PDMS, ina imasintha kapangidwe kake, ndipo yosamukira pa galasi imakhala yochepa ndi ya mathothomathotho. Motero kuumitsa ndi kudinda timakuchita motsatizana, kagalasi kolandira katakonzeka kale pambali.

Poika chidindo timachitsitsa ndi chopanira kuti mbali imodzi ikhudze kaye, ndipo munthu akayang'ana cham'mbali pansi pa nyali amaona mthunzi wopyapyala ukuyenda kuchokera pamene chakhudza kupita tsidya lina, chomwe ndi chizindikiro chakuti PDMS yagona bwino pa galasi. Pamene mthunziwo waima osafika, pali fumbi kapena mpweya wotsekeredwa. Kulemera kwa chidindo chokha, ndi kukhudza pang'ono kwa nsonga ya chopanira, n'kokwanira. Chala chikasindikiza, denga limagwa. Pakapita mphindi imodzi timachinyamula molunjika m'mwamba osachikhwekhwereza.

Puloteni imachoka pa chidindo kokha ngati malo olandira ali okonda madzi kuposa chidindocho, n'chifukwa chake timagalasi timatidutsitsa kaye mu plasma, mpweya wopatsidwa mphamvu ya magetsi umene umayeretsa galasi n'kulisiya lokonda madzi. Dontho la madzi likagwera pa kagalasi kotero limayala nthawi yomweyo mpaka kupyapyala, ndipo kayesedwe kophweka kameneka ndi kamene timadalira tisanadinde. Mbali imeneyi sinachedwe kukhazikika, ndipo tizilumba tinkatuluka towala ndi ta malire akuthwa.

Kutchinga mipata

Tikadinda, mipata ya pakati pa tizilumba imakhala galasi loyera lomwe plasma yalisiya lokonzeka kulandira puloteni iliyonse, ndipo likapanda kutchingidwa seramu imalikutira m'kanthawi kochepa, maselo n'kumatirira paliponse ngati kuti sitinadindepo kanthu. Tinayamba ndi BSA, yomwe ndi albumin ya ng'ombe, chifukwa imapezeka mu labotale iliyonse ndipo ma integrin saigwira. M'maola oyamba inkaoneka kuti ikugwira ntchito, koma pofika tsiku lotsatira maselo ambiri anali atatulutsa timiyendo kunja kwa tizilumba, ena atasamukiratu. Zimenezi n'zomveka, chifukwa albumin yongokhala pa galasi imalandidwa malo ndi mapuloteni a m'seramu, ndiponso ma fibroblast amatulutsa ma enzyme odula mapuloteni komanso amapanga fibronectin yawoyawo n'kuiyala paliponse pamene apeza mpata. BSA ingathandize pa kuyesa kwa maola ochepa, koma pa ntchito ino tinaisiya.

Kenako tinayesa Pluronic F-127, molekyu ya zigawo zitatu: chapakati ndi polypropylene oxide yokana madzi, ndipo m'mbali muli mikono iwiri ya polyethylene oxide. Chigawo chapakati chimagona pa malo okana madzi, mikono n'kuimirira m'madzi. Pa galasi lodutsa mu plasma chigawocho chilibe pogwira, ndipo Pluronic imakokoloka pa kutsuka koyamba. Njira yodziwika ndi kupaka kaye PDMS yopyapyala pa kagalasi, kuiwalitsa ndi UV ndi ozoni kwa mphindi zochepa, kudinda, n'kuthirapo Pluronic ya magawo 0.2 pa 100. Apa pali kukokanakokana, chifukwa kudinda kukufuna malo okonda madzi, Pluronic ikufuna malo okana madzi, ndipo zonse ziwiri ziyenera kuchitika pa kagalasi kamodzi. Tikawalitsa kwa nthawi yochepa, fibronectin imatsalira pa chidindo. Tikawalitsa kwa nthawi yaitali, tizilumba timatuluka tokongola koma mipata imalephera kutchinga. Nthawi yoyenera tinaipeza, koma imasintha nyali ikamakalamba, ndiponso PDMS yowalitsidwa imabwerera ku khalidwe lake lokana madzi m'maola ochepa pamene timamolekyu tosamangika ta m'kati tikukwera pamwamba, moti kagalasi kowalitsidwa m'mawa n'kudindidwa masana sikafanana ndi kodindidwa nthawi yomweyo. Njira yodalira zinthu zosinthasintha chonchi singatipatse timagalasi tofanana sabata ndi sabata, ndipo pa ntchito yoyerekeza mawonekedwe atatu kufananako ndiko kofunika kuposa china chilichonse. Palinso nkhawa ina yakutsogolo: PDMS imamwa timamolekyu tating'ono tokana madzi, ndipo mankhwala ena amene tikufuna kudzathira pa maselo ndi a mtundu womwewo, kotero kuti mlingo wofika pa selo sungafanane ndi umene tathira.

Chimene chatikhazika pansi mtima ndi PLL-g-PEG, polima imene ofufuza a ku ETH Zurich anaikonza kuti izitchinga malo a oxide. Msana wake ndi poly-L-lysine ya chaji ya pozitivu, yomwe imakokedwa ndi galasi la chaji ya negativu, ndipo pamsanapo pamamera nthambi za PEG (polyethylene glycol) zothithikana. Timaisungunula mu HEPES (madzi othandiza kuti pH isasinthe) ya pH 7.4 pa mlingo wa mamiligalamu 0.1 pa mililita, ndipo kagalasi kongochoka mu plasma kamakhala pa dontho lake kwa ola limodzi. Nthambi za PEG zilibe chaji, zimadzikulunga ndi mamolekyu a madzi, ndipo zimagwedezeka mosalekeza. Puloteni yofuna kufika pa galasi iyenera kuchotsa madziwo ndi kupanikiza nthambizo, ndipo mphamvu imene zimenezi zimafuna imaposa imene puloteniyo ingapindule pomatirira, motero imangobwerera m'madzi. Kuthithikana kwa nthambi ndiko kumagamula nkhaniyi, chifukwa nthambi zikatalikirana puloteni yaing'ono imalowa pakati pake. Kufooka kwa polima imeneyi kuli pa kagwiridwe kake: imakhala pa galasi chifukwa cha chaji yokha, ndiye mchere wochuluka, pH yosiyana, kapena mamolekyu ena a chaji yamphamvu angaisunthe pang'onopang'ono.

Kuti tidziwe chimene chimawononga chotchinga, ngati ali maselo kapena madzi olereramo okha, tinasunga timagalasi tina mu inkyubeta m'madzi okhala ndi seramu koma opanda maselo, n'kudzaikapo maselo atsopano pambuyo pake. Ta BSA tinali titawonongeka kale ngakhale kuti panalibe selo lililonse. Ta PLL-g-PEG tinasunga mipata yake bwino, koma pamene panali maselo kuyambira pachiyambi, kuwonongeka kunkayambira m'mphepete mwa kachilumba kokhala ndi selo n'kumafalikira kunja, pomwe tizilumba topanda selo tinkakhalabe ndi malire ake. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa kukusonyeza kuti pa PLL-g-PEG mdani wamkulu ndi selo lomwe, ndipo kusintha madzi olereramo kokha sikungathetse vutolo. Kayesedwe kameneka tikuona kuti n'koyenera kukachita pa chotchinga chilichonse chatsopano, popeza chithunzi cha tizilumba towala pa tsiku loyamba sichinena kanthu za mmene mipata idzakhalire mawa lake.

Kusiya chidindo, kutenga kuwala

PLL-g-PEG itakhazikika, chidindo chinayamba kuoneka kuti ndicho gawo lofooka la njira yonse. Chimafuna kuti puloteni iume, chimasiya timamolekyu ta PDMS pa galasi, chimadalira dzanja la wodinda, ndipo mipata imatchingidwa pomaliza, galasi litakhala kale pamphepo kwa mphindi zingapo chichokereni mu plasma. Tinasamukira ku njira imene Ammar Azioune, Manuel Théry, Matthieu Piel ndi anzawo a ku Institut Curie ku Paris anaifalitsa mu 2009, yomwe imatembenuza dongosolo lonse: galasi lonse limatchingidwa kaye, kenako chotchingacho chimabooledwa ndi kuwala pamalo a tizilumba, ndipo fibronectin imabwera pomaliza ili m'madzi.

Kuwala kofunika ndi kwa UV kosakwana mananomita 200. Nyali ya mercury imatulutsa kwa 185 ndi kwa 254, ndipo kwa 185 ndiko kumathyola nthambi za PEG n'kusiya magulu a carboxyl amene puloteni imagwirapo. Masiki iyenera kukhala ya quartz chifukwa galasi wamba limameza kuwala kotere, ndipo pa masiki imeneyi tizilumba ndi toonekera, malo ozungulira n'kukhala ophimbidwa ndi chromium, mosiyana ndi masiki ya chikombole ija. Kuwalaku kumasandutsanso okosijeni wa mumpweya kukhala ozoni, ndiye chipangizochi chimagwira ntchito pamalo okoka mpweya woipa.

Luso lonse lili pa kadontho ka madzi. Timadontheza mamaikulolita ochepa pa mbali ya masiki yokhala ndi chromium, n'kugoneka kagalasi chafufumimba, mbali yotchingidwa ili pansi. Madziwo amayala mpaka m'mphepete n'kukokera kagalasi pa masiki mothina. Akachuluka, kagalasi kamayandama, kuwala kumamwazika mumpata umene wapangika, ndipo makona a tizilumba ta mbali zinayi amatuluka obulungira. Akachepa, pamatsala timathovu ndipo tizilumba ta pamenepo timasiyana ndi tinzake. Tikawalitsa kwa mphindi zochepa timathira madzi ambiri m'mphepete kuti kagalasi kadziyandamire kokha, chifukwa kukanyamula mokakamiza kumakanda chromium, ndipo chipsera cha pa masiki chimaoneka pa kagalasi kalikonse kotsatira. Fibronectin timaisungunula mu sodium bicarbonate ya pH 8.5, pa mlingo wochepa kuposa wa pa chidindo, ndipo imakhala pa kagalasi kwa mphindi 30.

Tizilumba ta njira imeneyi tikufanana kuchokera pa kagalasi kena kufika pa kena kuposa todinda, ndipo mipata ingatalikirane mmene tifunira popeza palibenso denga logwa. Mtengo wake uli pa masiki, yomwe ndi yodula ndipo mawonekedwe atsopano aliwonse amafuna ina. Zipangizo zojambula ndi kuwala popanda masiki zilipo, monga PRIMO ya kampani ya Alvéole, koma pa mawonekedwe atatu okhazikika sitikuona kuti n'zofunika. Zidindo sitinazitaye, zidzathandiza ngati tidzafuna kuika mapuloteni awiri osiyana pa kagalasi kamodzi.

Kuika maselo

Maselo timawachotsa m'mbale ndi trypsin, enzyme yodula mapuloteni, kuimitsa mphamvu yake ndi madzi okhala ndi seramu, n'kuwasefa kuti asakhale m'timagulu, popeza maselo awiri omatana amatera pamodzi n'kugawana kachilumba. Kuchuluka kwa maselo oika ndi nkhani ya masamu. Ngati maselo akutera mwachisawawa ndipo pa avareji kachilumba kalikonse kakulandira selo limodzi, masamu a Poisson amanena kuti tizilumba 37 pa 100 tidzakhala topanda kanthu, 37 tidzakhala ndi selo limodzi, ndipo 26 tidzakhala ndi awiri kapena kuposa. Avarejiyo ikatsika kufika pa theka, topanda kanthu timakwera kufika pa 61, ta selo limodzi timakhala 30, ndipo ta maselo angapo timatsika kufika pa 9. Ife tasankha mlingo wotsikawu. Kachilumba kopanda kanthu sikasokoneza chilichonse, pomwe ka maselo awiri kamafuna kuti munthu akazindikire n'kukachotsa pa zowerengera, ndipo pa kagalasi kamodzi pali tizilumba tokwanira kuti kutaya tambiri kusatipweteke.

Pakapita mphindi 20 mpaka 30 mu inkyubeta, pa madigiri 37 ndi mpweya wa carbon dioxide magawo 5 pa 100, maselo amene atera pa fibronectin amakhala atagwira, ndipo a m'mipata amakhala akugubudukabe mbale ikagwedezeka pang'ono. Nthawi yotsuka ndi imeneyo. Timathira madzi ofunda mbali ina kwinaku tikukoka mbali ina, kagalasi kosauma ngakhale kamphindi, chifukwa mpweya ukadutsa pamwamba pake chotchinga chimafooka ndipo maselo ongogwira kumene amazuka. Tikachedwa kutsuka, maselo a m'mipata amamatirira pa anzawo amene ali pa tizilumba. Popeza NIH 3T3 imagawikana pafupifupi maola 20 aliwonse, timaumitsa maselo ndi mankhwala, kuti akhale mmene alili, pakati pa maola 4 ndi 6, atayala mokwanira koma ambiri asanasanduke awiri.

Zimene tikuona, ndi zimene zatsala

Timaumitsa maselo ndi paraformaldehyde ya magawo 4 pa 100, kuboola khungu lawo ndi Triton X-100, n'kupaka phalloidin yoonetsa actin, DAPI yoonetsa phata la selo, ndi antibody ya vinculin yoonetsa timfundo timene selo limagwirira pansi. Pa tizilumba tozungulira timfundoto timasanjika m'mphepete monse, ndipo ulusi wina umachokera pamenepo kulunjika pakati pomwe wina umazungulira motsata malire. Pa ta mbali zinayi timfundo tikuluakulu timaunjikana m'makona, ulusi n'kumangika kuchokera kona ina kufika ina. Pa tatitali ulusi wonse umatsata mulitali, ndipo phata la selo nalo limatalika. Palibe chachilendo pa zimenezi, ndipo zikugwirizana ndi zimene ena anaona kale. Phindu lake pakadali pano ndi kutsimikizira kuti timagalasi tikugwira ntchito.

Ubwino weniweni wa tizilumba ukuonekera powerengera. Popeza maselo onse a mtundu umodzi wa kachilumba ali ndi malire ofanana, zithunzi zawo tingazisanjike chimodzi pamwamba pa chinzake mu pulogalamu ya pakompyuta ya Fiji, motsogozedwa ndi kuwala kwa fibronectin, n'kupeza chithunzi chimodzi cha avareji chosonyeza pamene actin imakonda kukhala. M'mbale wamba zimenezi sizitheka, chifukwa selo lililonse lili ndi mawonekedwe akeake. Kuyesa koyamba ndi Y-27632, mankhwala oletsa ROCK, enzyme imene imathandiza ulusi wa actin kukoka, pa mlingo wa mamaikulomola 10, kwachotsa ulusi wokhuthala pa mawonekedwe onse atatu, ndipo maselo atulutsa timiyendo topyapyala tolendewera pamwamba pa mipata popanda kugwira pansi. Kumeneku kwakhalanso kuyesa kwabwino kwa chotchinga, popeza timiyendoto tikanapeza pogwira tikanakhazikika.

Zotsatirazi ziyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa galasi ndi lolimba kuwirikiza kamamiliyoni kuposa minofu yofewa ya m'thupi, ndipo selo limamva kulimbako. Adam Engler, Dennis Discher ndi anzawo anasonyeza mu 2006 kuti maselo a mesenchymal a pa jelo yolimba makilopasikalo (kPa) 0.1 mpaka 1 ankaonetsa zizindikiro za maselo a mitsempha ya ubongo, a pa 8 mpaka 17 za minofu, ndipo a pa 25 mpaka 40 za fupa. Ulusi wokhuthala umene tikuuona ndi yankho la selo ku mawonekedwe ndi ku kulimba kwa galasi nthawi imodzi, ndipo ziwirizi sitingazilekanitse tikadali pa galasi. Gawo lotsatira ndi kusamutsira tizilumba pa jelo ya polyacrylamide, poumitsa jeloyo pamwamba pa kagalasi kojambulidwa kale kuti fibronectin itsalire pa jelo kagalasi kakachotsedwa. Polyacrylamide payokha simatirika ndi mapuloteni, ndiye mwina mipata sidzavuta kwambiri kumeneko, ngakhale kuti kusamuka kwa puloteni kudzafuna kuyesedwa mwapadera pa jelo yofewa kwambiri.

Nkhani ina yotsala ndi ya nthawi. Mu 2005 Théry, Michel Bornens ndi anzawo anasonyeza ndi maselo a HeLa kuti mawonekedwe a kachilumba amatsogolera mbali imene selo ligawikire, ndipo ifenso tikufuna kudzatsata maselo athu mpaka atagawikana, zomwe zikufuna kuti mipata ipirire kupitirira tsiku lathunthu ma fibroblast ali pomwepo. PLL-g-PEG yongogwira ndi chaji ikuyamba kutha mphamvu m'mphepete mwa tizilumba cham'nthawi yomweyo. Tikukonzekera kuyesa njira yopaka kaye poly-L-lysine yokha, kenako kumangirira PEG pa magulu ake a amine pogwiritsa ntchito mPEG-SVA, PEG yokhala ndi kachigawo kogwira amine, mu HEPES ya pH pafupifupi 8.5, zomwe zimapereka nthambi zothithikana kwambiri, komanso njira yomangirira PEG pa galasi lenilenilo kudzera mu silane. Zonse ziwiri tidzaziyesa monga tinachitira poyamba, timagalasi tina tili ndi maselo ndipo tina tilibe, ndipo tidzayeza mtunda umene vinculin yafika kunja kwa malire a fibronectin pa maola 6, 24 ndi 48. Nthambi zothithikana zingafune kuwalitsa kwa nthawi yotalikirapo kuti zibooke, ndiye nthawi ya nyali tidzaikonzanso tisanaikepo maselo.